Nambala Ndi Yake, Dzina Ndi la Wina

Kuntchito amanditcha Sisitere. Sindinagonepo m'nyumba ya masisitere, koma anzanga akuti malamulo a kampani ndimawagwira ngati anatsika ndi Mose kuphiri. Ntchito yanga ndi ya kumene mumayimbako foni yanu ikavuta. Ndi chipinda chachitali chozizira, madesiki ali m'mizere, aliyense mahedifoni kumutu, tsiku lonse kupepesa anthu amene sitidzawaona nkhope.

Lamulo lalikulu ndi limodzi. Munthu akafuna kuti tikhudze nambala, kaya kuitseka, kaya kumukonzera simu khadi lina, ayambe wayankha mafunso atatu: dzina limene linalembetsa nambalayo, nambala ya chiphaso, ndi tsiku lobadwa. Akaphonya limodzi, nkhani yathera pomwepo. Sitimuuza pamene waphonya, sitimuuzanso zimene tikuona pa kompyuta. Mawu onse amajambulidwa, ndipo tili ndi bwana wina amene ntchito yake ndi kumvetsera zomwe tayankhula. Amenewo timawatcha a Khutu.

Lachinayi lija, nkhomaliro itayandikira, kabelu kanalira m'makutu mwanga.

"Takulandirani, ndikuthandizeni chiyani?"

"Eee, Mulungu ngwabwino, ndiwe! Ndakhala ndikuyimba n'kudula, kuyimba n'kudula, kumangondiyankha amuna okhaokha."

Mawu amenewo ndikanawazindikira ngakhale pakati pa msika. Anali Wamafiriji, chibwenzi changa. Aliyense amamutcha choncho chifukwa amakonza mafiriji. Tinali titatha chaka tili limodzi, ndipo Lamulungu la sabata yomweyo ndi limene amayi ake anavomera kuti andione, atazengereza kwa miyezi. Iwo anamva kuti ndine mtsikana wongokhalira kucheza ndi amuna pafoni, ndiye ankafuna adzionere okha.

"Andibera foni m'minibasi," anatero. "Iyi ndi ya mlongo wanga. Tseka nambala yanga msanga asanayambe kupusitsa nayo makasitomala, undikonzerenso khadi lina ndikatenge madzulo."

"Pepani kwambiri ndi zimene zachitikazi, bambo. Ndisanakuthandizeni ndikufunsani mafunso angapo. Nambalayo ndi iti?"

"Bambo? Bambo wake uti? Iwe, ndine!"

"Nambalayo, bambo."

Anaitchula akuseka, akuyesa nthabwala. Zala zanga zinali zitailemba kale iye asanamalize. Kompyuta itatsegula, ndinayang'ana dzina la mwini nambalayo.

Dzina linali la mkazi. Pambali pake panali kachithunzi ka pachiphaso, nkhope yosalala, nsidze zometedwa bwino. Nkhopeyo ndinaionapo pa zithunzi zakale za kwawo. Anali Wasaluni, uja anali naye ine ndisanabwere, uja anandilumbirira kuti zake zinatha zaka ziwiri zapitazo. Nambala imene ndinkaiyimba tsiku ndi tsiku, imene ndinaisunga m'foni mwanga ndi kamtima kofiira pambali, inali ya mkazi ameneyo.

"Dzina limene linalembetsa nambalayi, bambo?"

Anatchula lake, mayina onse, mwaulemu wonyoza ngati akuyankha kukhoti. Anatchulanso nambala ya chiphaso chake. "Tsiku lobadwa ndiye usandifunse. Si iwe unandigulira malaya abuluu aja?"

"Pepani, bambo, zimene mwanenazi sizikugwirizana ndi zomwe tili nazo. Sindingathe kukuthandizani pa nambala imeneyi. Mwini wake apite kushopu yathu ina iliyonse ndi chiphaso chake."

"Mwini wake ndine! Iwe, wadya chiyani lero? Nambala imeneyi ndakhala nayo kuyambira..." Anaima. Ndinamumva akupuma. "Aaa," anatero chapansipansi. "Aaa, ayi. Tamvera, wanga, ndikufotokozera bwinobwino."

"Pali china chimene ndingakuthandizeni, bambo?"

Foni inalandidwa, ndipo mawu a mlongo wake anandibaya m'khutu.

"Alamu! Zoona zimenezi? Munthu waberedwa, akunjenjemera pano, inu mukumufunsa tsiku lobadwa? Mukufuna mumugulire keke?"

"Zikomo poyimba, mayi. Tsiku labwino."

Ndinadula.

*

Wailesi amakhala desiki yoyandikana ndi yanga, ndipo dzinalo sanalipeze mwangozi. Pankhomaliro anandipeza m'kachipinda kodyera ndikuyang'ana tiyi amene anali atazizira kale.

"Sisitere, iwe ndiwe mfiti. Mwamuna wako weniweni, mawu ukuwamva ndi makutu ako, n'kumuuza kuti tsiku labwino?"

"Ndikanatani?"

"Batani limodzi! Kungotseka basi. Akanafa ndani?"

"Waiwala mnzathu wa mzere wakumapeto uja? Anamvera chisoni mayi wolira kuti mwamuna wake ali m'chipatala, n'kumukonzera khadi. Mayiyo sanali mkazi wa munthuyo, ndipo munthuyo sankadwala. Mnzathuyo ali kuti lero?"

"Ija inali nkhani ina. Uyu ukumudziwa."

"Nayenso ankati kulira kwenikweni amakudziwa."

Wailesi anakoka mpando, maso akuwala. "Nanga walephera bwanji? Dzina ndi la ndani?"

"Sindingakuuze."

"Ndiye kuti ndi la mkazi." Anawomba m'manja. "Mayo ine! Ndiye tsegula mbiri yonse uone. Amayimbirana kangati, amacheza mpaka liti. Akazi anzako amatha nsapato kufufuza zimenezi, iwe zili pamphuno pako penipeni."

Ndinene zoona, ndinafuna. Masana onse aja nambala ija inkandiyabwa m'zala. Koma aliyense wotsegula mbiri ya kasitomala amasiya dzina lake pamenepo ngati phazi pamatope, ndipo a Khutu amalondola mapaziwo. Ndinadzifunsanso kuti, ndikapeza kuti sayimbirana, ndidzamuyang'ana bwanji m'maso? Ndikapeza kuti amayimbirana, ndidzati ndadziwa bwanji? Ndinamaliza shifiti osatsegula, mutu ukugunda ngati muli wosula zitsulo.

*

Potuluka ndinapeza Wamafiriji pageti, chikwama cha zipangizo paphewa, malaya atanyowa ndi thukuta. Tinayenda mpaka pokwerera minibasi. Pamenepo ndi pamene anaphulika.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa mlongo wanga."

"Pepa."

"Pepa wakuntchito kapena pepa weniweni?"

"Onse awiri."

"Chabwino. Waona dzina la ndani pa kompyuta paja?"

"Sindingakuuze. Si nambala yako."

Anandiyang'ana ngati ndamera nyanga. "Kuno ndi kumsewu, mayi Malamulo. A Khutu ako kulibe."

"Ndiye ndiuze iweyo. Iwe palibe lamulo likukuletsa."

Anakanda m'mutu. Anayang'ana nsapato zake, anayang'ana mayi wogulitsa nthochi kutsidya kwa msewu ngati amuthandiza. Kenako nkhani inayamba kutuluka mwa madontho ngati madzi a mpopi wouma. Nthawi imene kampani inalamula kuti nambala zonse zilembetsedwe, chiphaso chake chinali chitasowa. Tsiku lomaliza anali pamzere ndi Wasaluni, ndipo Wasaluni anatulutsa chake. Atasiyana anati adzasintha. Mawa, mawa, mpaka kuiwala.

"Kuiwala," ndinatero.

"Kuiwala! Nambala ikugwira ntchito bwinobwino, ndikumbukira bwanji? Iwe umakumbukira amene anakulembetsa kusukulu ya mkaka?"

Sindinafune kumuweruza msanga. Wamafiriji ndi woiwala zenizeni. Anasiyapo sipanala m'firiji ya kasitomala n'kukaipeza patatha mwezi itaundana ndi nyama. Koma kuiwala kwina amamva kuwawa ndi anthu ena.

"Gula nambala yatsopano m'dzina lako," ndinamuuza. "Mawa lomwe ikhala ikugwira ntchito."

"Ukudziwa chimene ukunena? Firiji iliyonse imene ndinakonza m'tauni muno ndinamata kapepala kanga pachitseko, nambala ndi imeneyi. Chikwangwani cha pashopu panga, imeneyi. Akubutchala, akumalesitilanti, mayi wa ayisikilimu uja, onse amayimba imeneyi. Nditaye thukuta la zaka zonsezi?"

"Ndiye njira ndi imodzi. Mupite nonse awiri kushopu ndi ziphaso zanu, iye asayine kuti nambala yakhala yako."

"Njira ndi ziwiri," anatero akuyandikira, mawu atafewa. "Mawa ukangofika, tsegula, konza khadi. Adziwa ndani? Ine kusaluni kuja sindikufuna kupondako. Mkazi uja sumudziwa iwe."

"Kompyuta idziwa. Komanso nambalayo si yako, wanga. Ndikachita zimenezo ndiye kuti ndaba nambala ya munthu n'kupatsa chibwenzi changa. Ukufuna Lamulungu ndikaonekere kwa amayi ako ndili lova?"

"Ndiye ukundituma kwa iye wekha. Ukumbukire zimenezo. Wekha, ndi pakamwa pako."

"Upite masana. Utenge mlongo wako."

Anaseka kuseka kosakoma, n'kudumphira m'minibasi imene sinali ya kwawo n'komwe.

*

Lachisanu foni yanga sinapume. Popeza Wamafiriji analibe foni, zonse zinkadzera kwa mlongo wake, ndipo mlongoyo ankathiramo mchere wake.

"Alamu, amayi amva zonse. Akuti akufuna aone nkhope ya munthu amene amafunsa mwamuna wake kuti ndiwe ndani."

Ndinalemba kuti, "Auzeni ndibwera nayo nkhopeyo." Ndinafufuta. Ndinatumiza kuti, "Zikomo alamu, tionana Lamulungu."

Pasanapite nthawi unabwera uthenga wina.

"Achimwene ataya ntchito ya kubutchala. Firiji inafa, anthu anayimba osawapeza, aitana wina. Koma malamulo adzuka bwino, eti?"

Umenewo unandilasa. Lamulo limateteza munthu amene sukumuona, pamene amene ukumuona akuvulala pamaso pako. Zimenezi pophunzira ntchito sanatiuze.

Chakumadzulo Wamafiriji anayimba yekha pa foni ya mlongo wake yomweyo.

"Ndapita. Wavomera."

"Wavomera kusintha dzina?"

"Akuti akonza zonse."

"Zonse ziti?"

"Iwe, zonse ndi zonse! Mafunso sakutopetsa? Lamulungu uvale diresi lobiriwira lija, amayi amakonda zazitali."

"Unapita ndi mlongo wako?"

"Mayunitsi a eni ake akutha," anatero, n'kudula.

*

Pabalaza pa amayi ake panali mipando yokutidwa ndi nsalu zoluka, kabati ya magalasi yodzaza makapu a alendo, ndipo pakona panaima firiji yaikulu yakalekale imene mwana wawo anaiukitsa kwa akufa. Inkang'ung'udza ngati nayonso ili ndi maganizo ake pa nkhaniyi. Amayiwo anakhala pampando waukulu, magalasi pamphuno. Ndinawerama n'kupereka moni ndi manja awiri.

"Dikirani kaye," anatero, dzanja lawo lili pamwendo. "Dzina lanu lonse? Chiphaso mwatenga? Tsiku lobadwa? Tingalandire munthu wolakwika."

Mlongo uja anaseka mpaka kugwira pamimba.

"Amayi, chonde," anatero Wamafiriji.

"Chonde chiyani? Ndikutsata malamulo." Apo m'pamene anandipatsa dzanja n'kundilozera mpando.

Tiyi anathira okha, osalola wina kugwira ketulo.

"Mwana uyu ndamulera ndekha," anayamba. "Atagwa mumtengo ali wamng'ono, ndinamva kulira kwake ndili kutsidya kwa msewu, pakati pa chigulu cha ana. Sindinafunse kuti akulirayo ndani. Inu mawu ake simuwadziwa?"

"Ndimawadziwa, amayi. Ndinawazindikira asanamalize liwu loyamba."

"Nanga?"

"Tsiku lililonse kumayimba anthu odziwa kulira, odziwa kukalipa, odziwa kutsanzira mawu a eni ake. Wina akufuna nambala ya mkazi amene anamuthawa, wina ya bwana wake. Tikamatsegulira munthu chifukwa cha mawu okha, mawa wina adzayimba ndi mawu onga anu, n'kutenga nambala yanu, n'kumapempha abale anu thandizo m'dzina lanu. Chitseko chimene ndinamutsekera iyeyu ndi chomwecho chimene chimatchinga inu."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Pakamwa ndiye mwabwera napo. Nanga mukadzalowa m'nyumba, iye n'kugogoda mvula ikumukwapula, mudzamufunsa chiphaso?"

"Kunyumba ayi, amayi. Kunyumba ndidzangomufunsa kumene anali."

Mlomo wawo unagwedera chakumapeto. Anayesa kubisa ndi kapu, koma ndinaona. Anakankhira mbale ya mabisiketi kwa ine. Wamafiriji anapumira m'mwamba, ndipo ndinayamba kukhulupirira kuti tsikuli litha bwino.

Chitseko chinatseguka popanda odi.

Wasaluni analowa ngati wolowa kwawo, fungo la mafuta onunkhira patsogolo, iye pambuyo. Anakumbatira amayi, anatsegula kabati ya magalasi ija n'kudzitengera kapu osafunsa. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwaswera bwanji?" ndinatero.

"Eee, mawu ake kukoma! Ndinu asisi a mafunso aja, eti?"

Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kafoni kakang'ono ka mabatani. Anakaika patebulo pakati pa makapu.

"Nayi nambala yako, bambo. Ndapita ndekha dzulo, ndaonetsa chiphaso, basi. Sanandivute n'komwe. Mwini wake savutika."

"Mulungu akudalitse, mwanawe," anatero amayi.

Wamafiriji anatambasula dzanja. Nthawi yomweyo kafoni kanalira, ndipo Wasaluni anakafikira msanga kuposa iye.

"Kwa amafiriji, tikuthandizeni? Siikuzizira? Pepani kwambiri, mayi. Abwera mawa lomwe. Eya, ndine wa kunyumba kwawo." Anadula. "Chiyambire dzulo sikakupuma. Anthu amakusowa, wamva?"

"Zikomo," anatero Wamafiriji. "Ndipatse khadilo. Ndipo mawa tipite tikasinthe dzina monga tinagwirizana."

"Uliika kuti khadilo? M'khutu? Foni ulibe."

"Ndibwereke kafoni komweko."

"Aka ndi ka kusaluni. Muli makhadi awiri, linalo ndi la makasitomala anga."

"Ine ndili ndi foni yakale kunyumba," ndinalowererapo. "Ikugwira ntchito. Atha kutenga lero lomwe."

Wasaluni anagwira pachifuwa ngati ndamuopseza. "Aa, asisi! Khadi la dzina langa lilowe m'foni ya munthu amene ndamuona lero? Si inu nomwe mumatilangiza kuti tizisamala ndi makhadi athu? Tichite chonchi. Foni izikhala kusaluni, ine ndizimulandirira ntchito, iye azidutsa m'mawa kudzamva. Za kusintha dzina tidzaona ndikapeza mpata, mizere ya kushopu ija mukuidziwa."

"Mwaona?" anatero amayi, osayang'ana munthu. "Wina amafunsa, wina amathandiza." Mbale ya mabisiketi ija anaikokera pakati.

Ndinayang'ana Wamafiriji, kudikira kuti anenepo kanthu. Anatsegula pakamwa, anayang'ana amayi ake, anayang'ana kafoni, n'kumwa tiyi.

*

Ndinanyamula makapu kupita nawo kukhitchini kuti ndipezeko mpweya. Ndisanatsegule mpopi, Wasaluni anali atafika kumbuyo kwanga, kansalu kopukutira mbale kali m'manja. Ankadziwa msomali umene kamakolekedwa.

"Tsukani, ine ndizipukuta," anatero.

"Mukufuna chiyani, mayi?"

"Ine? Kuthandiza basi."

"Kuthandiza ndi kupita naye kushopu."

Anapukuta kapu imodzi mpaka kulira, n'kuiyang'ana pawindo. Pamene anayankhulanso, mawu a pabalaza aja anali atachoka.

"Mukudziwa mmene anandisiyira? Sanatsanzike. Anangoyamba kuiwala. Kuiwala kubwera, kuiwala kuyimba. Zoti ali ndi wina ndinazimva kwa kasitomala ndikumuluka tsitsi, ndipo ndinamaliza kumuluka bwinobwino. Zaka ziwiri sanaponde pakhomo panga. Lachisanu ndangoona munthu waima pachitseko, chipewa m'manja, mawu ofatsa ngati wopempha mchere."

Kupweteka kwake kunali kwenikweni, ndipo si ine ndikanamuuza kuti kwatha nthawi.

"Akuti munamutuma ndinu," anapitiriza, kumwetulira kutabwerera. "Ndiye ndati ndibwere ndidzakuthokozeni pamaso. Ine sindilimbana ndi munthu, asisi. Chinthu chikalembedwa dzina langa ndimangochisamala."

*

Wamafiriji anandiperekeza mpaka pamsewu.

"Sabata imodzi yokha," anatero. "Ndimunyengerera pang'onopang'ono, ndipita naye kushopu. Ukamukakamiza uja amauma ngati chitsa."

"Wa kunyumba kwawo. Unamumva?"

"Ndi pakamwa chabe. Ndikanamuyankha pamaso pa amayi?"

"Mapanga awiri avumbwitsa, wanga."

"Phanga lachiwiri wandilozera ndiwe! Batani limodzi Lachinayi, zonsezi sizikanachitika."

"Ulendo umodzi wa kushopu m'zaka ziwiri, zonsezi sizikanachitika."

Aliyense anasenza chilungamo chake. Minibasi itafika anandigwira dzanja.

"Mawa m'mawa ndikhala kusaluniko. Kafoniko ndikakagwira ndekha, afune asafune. Unditumizire uthenga pa nambala yomwe ija monga mwa masiku onse. Ndawasowa mauthenga ako."

Ndinamukhulupirira. M'mawa mwake, ndili m'minibasi yopita kuntchito, ndinalemba kuti, "Wadzuka bwanji wanga? Dzulo ndinapsa mtima, koma maganizo anga pa iwe sanasinthe." Uthenga unapita. Yankho silinabwere.

*

Lolemba linali tsiku langa loyesedwa. Kamodzi pamwezi a Khutu amakoka mpando n'kukhala pambali pako, mahedifoni awo atawalumikiza ku ako. Anakhala, anasanjikiza miyendo, cholembera m'manja.

Chakumasana kabelu kanalira, ndipo pa kompyuta panaoneka nambala ya Wamafiriji ija. Wakagwira kafoni, ndinaganiza, ndipo chitsiru changachi chayimbanso kuntchito.

"Takulandirani, ndikuthandizeni chiyani?"

"Eee, ndakupezani. Ndayimba n'kudula mpaka chala kuwawa. Ndimafuna inuyo, chifukwa ndinamva kuti mumagwira ntchito mwadongosolo." Anali Wasaluni. Kumbuyo kwake kunkalira makina oumitsira tsitsi. "Funsani mafunso anu aja, asisi. Ndakonzeka."

Ndinafunsa. Dzina anatchula. Nambala ya chiphaso anaitchula pamtima. Tsiku lobadwa anatchula n'kuwonjezera kuti mphatso salandira mochedwa. Zonse zinagwirizana. A Khutu anagwedeza mutu n'kuchonga.

"Zikomo, mayi. Vuto ndi chiyani?"

"Pali nambala ina ikundisowetsa mtendere. M'mamawa kutumiza zachikondi pa foni yanga, ine mkazi mnzake. Ndinamva kuti mwini nambala atha kupempha kuti munthu wotere atsekedwe, asayimbenso, asatumizenso uthenga. Ndi zoona?"

"Ndi zoona, mayi."

"Ndiye lembani."

Anaitchula pang'onopang'ono, imodziimodzi, ngati akuphunzitsa mwana kuwerenga. Asanafike pakati ndinasiya kumvetsera. Inali yanga.

Ndikanatha kukweza dzanja n'kupereka foniyo kwa Wailesi. Koma Wailesi akanachita zomwezo, popeza pempho linali lololedwa ndipo wopemphayo anali mwini wake, kenako pofika madzulo chipinda chonse chikanadziwa. A Khutu ankayang'ana zala zanga.

Kumbuyo kwa makina aja kunamveka chitsulo chikugwa pansi, kenako mawu a Wamafiriji chapatali.

"Firiji yakoyi ilibe vuto lililonse, wangoizimitsa pakhoma. Ukuyankhula ndi ndani pa foni yangayo?"

"Akampani," anatero Wasaluni. "Akutikonzera nambala. Khala pansi, tiyi akubwera." Kenako anabwerera kwa ine. "Mwatseka, asisi?"

Ndinalemba nambala yanga m'kabokosi, yonse, osaphonya. Kompyuta inandifunsa ngati ndikutsimikiza. Ndinadina.

"Ndatseka, mayi. Pali china chimene ndingakuthandizeni?"

"Ayi, asisi. Zotsalazo ndikwanitsa ndekha."